Nazale ya agogo a maluwa ku Chitakale, ndi rozi imene inakongoletsa misewu ya Portland

Munthu akamachokera ku Luchenza kulowera ku boma la Mulanje, asanafike pa Chitakale amadutsa kanjira kafumbi kamene kamapatukira m'mudzi, ndipo kumapeto kwa kanjirako kuli nazale ya maluwa imene ndakhala ndikugulako mbande kuyambira chaka chatha. Nazaleyi ilibe chikwangwani. Anyamata a kabaza amangoti "kwa agogo a maluwa", ndipo aliyense wa iwo akhoza kukufikitsani pakhomo penipeni. Mwini wake ndi bambo wachikulire amene anagwira ntchito zaka zoposa 30 yosamalira munda wa maluwa pa nyumba ya bwana wa esiteti ina ya tiyi, ndipo atapuma anayamba kufesa mbande zake kuseri kwa nyumba, mothandizidwa ndi mdzukulu wawo wamkazi amene amayankha foni ndi kulandira ndalama. Amagulitsa mbande za m'machubu, koma amagwiranso ntchito yobwera kudzabzala pakhomo pa wogula ndi kudzayendera mbewuzo kwa miyezi itatu. Ntchito yachiwiriyi ndi imene ndinalipira, ndipo ndi imene ndikufuna kuifotokoza.

Cholinga changa chinali chaching'ono. Ndinkafuna maluwa a mitundumitundu mkati mwa mpanda, pafupi ndi khonde, kuti ndizikhala ndikuwaona madzulo. Agogowo atabwera kudzaona malo anayenda pabwalo ponse osalankhula, kenaka anatuluka pageti n'kukaima pa kamzere ka dothi kamene kali pakati pa mpanda wa njerwa ndi ngalande ya msewu, pamene mvula inali itakokolola nthaka ndipo ana asukulu ankatayapo makoko a nzimbe. Anandiitana n'kunena kuti, "Amayi, maluwa obisa kuseri kwa mpanda amakondweretsa nkhuku zanu zokha. Tibzale pano, mtundu umodzi, kuyambira pageti mpaka pakona." Ndinawakumbutsa za mbuzi za oyandikana nawo ndi za manja a anthu odutsa, koma iwo anangoyankha kuti wothyola duwa ndi amene amadzabwera kudzapempha nthambi, ndipo nthambi ndi yaulere.

Mtundu umene anasankha ndi rozi yapinki imene iwo amaitchula kuti Karolina. Duwa lake ndi lalikulu, lozungulira ngati chibakera cha mwana, losalala ngati nsalu ya ukwati, ndipo m'mphepete mwa timasamba take mumapindikira kunja. Fungo lake silamphamvu, moti umalimva bwino ukaweramira m'mawa mame asanaume. Agogowo anati nthambi zoyamba anazidula pa nyumba ya esiteti ija, kumene adona ankaitchula dzina lake lonse, Madame Caroline Testout. Dzinali ndi limene linandichititsa kufufuza mbiri ya duwali, ndipo zimene ndinapeza zinandionetsa kuti uphungu wa agogowo, ngakhale iwo sanatulukepo m'dziko muno, ndi wofanana ndi umene unasintha mzinda wina wa ku America zaka zoposa 100 zapitazo.

Rozi imeneyi inatulutsidwa mu 1890 ndi Joseph Pernet-Ducher, katswiri wobereketsa maluwa wa ku Lyon m'dziko la France, ndipo inapatsidwa dzina la mayi wina wosoka zovala zapamwamba. Ili m'gulu limene akatswiri amalitcha hybrid tea, dzina limene linachokera ku makolo ake amene fungo lawo ankalifanizira ndi la masamba a tiyi. Kwa ife amene timadzuka ndi fungo la fakitale ya tiyi, ndipo tikudziwa kuti mlimi wina dzina lake Henry Brown anabzala tiyi pa esiteti ya Thornwood kuno ku Mulanje mu 1891 ndi mbewu yochokera ku Mishoni ya Blantyre, n'zoseketsa pang'ono kuti duwali ndi tiyi wa Mulanje ndi amsinkhu umodzi. Koma kumene rozi imeneyi inatchukira kwambiri ndi ku Portland, mzinda wa m'chigawo cha Oregon umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Willamette.

Ku Portland chidwi cha rozi chinayamba ndi anthu opeza bwino. Mu 1888 Georgiana Pittock, mkazi wa mwini nyuzipepala ya The Oregonian, anaitana anzake kuti adzaonetse maluwa awo m'tenti imene anamanga m'munda mwake, ndipo chaka chotsatira kunakhazikitsidwa bungwe la Portland Rose Society. Zikanathera pomwepo, rozi ikanakhala ngati mmene inalili kuno nthawi ya atsamunda, duwa la pa nyumba ya bwana limene wantchito amalithirira koma kwawo salibzala. Chimene chinasintha zinthu ndi chakuti mzindawu unakonza zochititsa chionetsero chachikulu cha mayiko, Lewis and Clark Centennial Exposition, chokumbukira kuti patha zaka 100 chifikireni ofufuza malo awiri, Meriwether Lewis ndi William Clark, ku nyanja ya Pacific mu 1805. Mu 1901 loya wina dzina lake Frederick Holman, amene ankakonda kwambiri rozi, analemba m'nyuzipepala kupempha kuti Portland ukhale mzinda wa rozi alendo asanafike. Pempholi silinapite kwa boma lokha ayi, linapita kwa mwini nyumba aliyense, ndipo malo amene anthu analimbikitsidwa kubzalapo ndi omwe aja agogo anandisonyeza, kamzere ka pakati pa nyumba ndi msewu. Rozi imene inabzalidwa kwambiri, mitengo zikwizikwi, inali Madame Caroline Testout, chifukwa ndi yolimba, imachita maluwa mobwerezabwereza, ndipo siivuta kwa munthu amene sanaphunzire za ulimi wa maluwa.

Chionetserocho chinatsegulidwa pa 1 Juni 1905, nthawi imene rozi zimakhala zitachita maluwa kwambiri kumeneko, ndipo chinatsekedwa pa 15 Okutobala. Anthu oposa 1.5 miliyoni analipira pakhomo, mu mzinda umene mu 1900 unali ndi anthu pafupifupi 90,000 okha, ndipo pofika 1910 chiwerengero cha okhalamo chinali chitaposa 200,000. Malo a chionetserocho, m'mbali mwa nyanja yaing'ono ya Guild's Lake, anajambulidwa ndi katswiri wokonza mapaki, John Charles Olmsted, koma nyanjayo inakwiriridwa pambuyo pake n'kusanduka dera la mafakitale, nyumba zambiri zinagumulidwa, ndipo nyumba yotchuka yomangidwa ndi zipika zikuluzikulu, Forestry Building, inapsa mu 1964. Zimene zinapitirira ndi za maluwa. Meya Harry Lane anapereka maganizo oti mzindawu uzikhala ndi chikondwerero cha rozi chaka ndi chaka, ndipo choyamba chinachitika mu 1907. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, munthu wina wokonda rozi dzina lake Jesse Currey anakopa akuluakulu a mzinda kuti apatule malo osungirako mitundu ya rozi ya ku Ulaya imene ikanatha kuonongeka ndi nkhondoyo, ndipo mu 1917 kunayambika munda wa International Rose Test Garden ku Washington Park, umene lero uli ndi mitengo ya rozi pafupifupi 10,000 ya mitundu mazanamazana. Mu 2003 khonsolo inavomereza mwalamulo dzina lakuti City of Roses, kutanthauza Mzinda wa Rozi.

Ndikaganizira zionetsero zathu za pa Chichiri ku Blantyre, kumene ndapitako kangapo, ndimaona kuti kusiyana kwake sikuli pa kukula kokha. Ife timakonzekera chionetsero mkati mwa mpanda wa bwalo, ndipo matenti akapasulidwa mzinda umatsala mmene unalili. A ku Portland anayamba kukonzekera kudakali zaka zinayi, pakhomo pa munthu aliyense, ndi mbewu imene siingapasulidwe ngati tenti. Muyeso umene ndinatenga pamenepa ndi umene ndayezera nazale ya ku Chitakale: kodi mbewu zake zimakhala ndi moyo m'manja mwa munthu wamba, ndipo kodi mwini wake amafuna kuti zifalikire kapena amafuna kuti ndizibwerera kwa iye yekha?

Ntchito yobzala inachitika kumayambiriro kwa Disembala, mvula itakhazikika. Agogowo anabwera ndi anyamata awiri ndi mbande 24, ndipo anakumbitsa maenje ofika m'mawondo, otalikirana phazi limodzi lalikulu la munthu wamkulu. Dothi lapamwamba analiika padera n'kulisakaniza ndi manyowa a ng'ombe owolerana bwino. Amene ndinali nditagula ine anawakana atangowanunkhiza, ponena kuti anali asanapse ndipo akanatentha mizu ndi kuitana chiswe. Chimene chinandisonyeza kuti munthuyu amadziwa ntchito yake ndi laimu. Anafotokoza kuti nthaka yofiira ya kuno imene tiyi amaikonda ndi yowawasa, pamene rozi imafuna nthaka yowawasa pang'ono chabe, choncho anawaza laimu wa kumunda dzanja limodzi m'dzenje lililonse n'kusakaniza bwino. Zimenezi n'zoona ndithu: pa muyeso wa kuwawasa kwa nthaka wotchedwa pH, umene nambala yake imatsika nthaka ikamawawasa kwambiri, tiyi amakula bwino pa pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, pamene rozi imakonda ya pakati pa 6 ndi 6.5. Ogulitsa maluwa a m'mbali mwa msewu ku Limbe sanandiuzepo zimenezi, ndipo tsopano ndikumvetsa chifukwa chake rozi zimene ndinagula kumeneko kale zinkangokhala zachikasu mpaka kufa.

Mbande za nazaleyi ndi za nthambi zodula, osati zomezanitsa. Kuipa kwake n'kwakuti chaka choyamba zimakula mochedwa, ndipo wogula wosaleza mtima akhoza kuganiza kuti wanyengedwa akamaona timitengo tiwiri tokha totuluka m'chubu. Ubwino wake ndinauona mu Januwale, pamene mbuzi zimene ndinkaziopa zija zinadya mitengo inayi ya pakona mpaka pansi. Rozi yomezanitsa ikadyedwa motero, kawirikawiri chimene chimaphuka ndi tsinde lakutchire limene anamezapo, la minga yambiri ndi maluwa osaoneka bwino, pamene ya mizu yakeyake imaphuka yomwe ija. Inayi yonseyo inaphuka, ndipo agogowo anaitchinga ndi timitengo ta nsungwi popanda kundilipiritsa.

Vuto lalikulu linabwera mu Febuluwale. Masamba anayamba kuchita madontho akuda ozunguliridwa ndi chikasu, kenaka n'kumayoyoka kuyambira pansi, moti mitengo ina inatsala ndodo zokhazokha. Pamenepa ndi pamene Mulanje amasiyana ndi Portland. Kumeneko mvula yambiri imagwa m'nyengo yozizira ndipo chilimwe chimakhala chouma, choncho masamba sakhala onyowa nthawi yotentha. Kuno kutentha ndi mvula zimabwera pamodzi, ndipo m'munsi mwa phiri tsamba likhoza kukhala lonyowa usiku wonse, zimene ndi zomwe tizilombo ta mtundu wa bowa toyambitsa matendawa timafuna. Mvula ikatha, chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimabweretsanso chinyontho china. Agogowo anabwera tsiku lachitatu nditaimba foni. Sanandigulitse mankhwala, ngakhale kuti ndinali wokonzeka kugula. Anatola masamba onse ogwa n'kuwatentha, anadula nthambi za mkati kuti mphepo izidutsa, anayala udzu wouma pansi kuti madontho a mvula asamathovutsire dothi m'masamba, koma osaufikitsa patsinde chifukwa cha chiswe, ndipo anandilangiza kuti nyengo yothirira ikafika ndizithira madzi pansi m'mawa, osati pamwamba pa masamba madzulo. Anandiuzanso mosabisa kuti matendawa adzabwera chaka chilichonse, ndipo amene sangapirire kuona mpanda wothothoka kwa masabata angapo a dzinja abzale hibiscus. Pofika mu Epulo masamba anali atabwerera, ndipo maluwa oyamba ooneka bwino anatuluka mu Meyi. Mitengo itatu inafa ndi chiswe. Iwiri anandibwezera ulere, wachitatu anati ndinaupha ndekha pounjika udzu patsinde, ndipo ankanena zoona.

Kuthenera kunachitika kumapeto kwa Julayi, miyezi itatu ya mgwirizano wathu itatha kalekale, koma anabwerabe ndipo anangolandira ya kabaza. Apa ndi pamene anachita chimene ndimawayamikira koposa. Nthambi zimene anadula sanazitaye kapena kupita nazo kwawo, koma anazidula zazitali ngati pensulo, iliyonse ili ndi maso anayi kapena asanu, n'kuitana amayi awiri oyandikana nane amene ankaonerera ali pamsewu. Anawasonyeza mmene angazizikire mumchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi, pamthunzi, maso awiri ali kunja, ndi mmene angazivundikirire ndi botolo la pulasitiki lodula pansi. Nditawafunsa ngati sakudziphera okha malonda, anaseka n'kunena kuti, "Amayi, msewu wonse ukachita maluwa, wobwera kuchokera ku Blantyre adzafunsa kumene anachokera." Maluwa ochuluka kwambiri anatuluka mu Okutobala, kutentha kuli pachimake, ndipo panafunika ndowa ziwiri za madzi pa mitengo isanu iliyonse kawiri pa sabata, chinthu chimene wokhala kutali ndi mpope ayenera kuchiganizira asanayambe. Ndinaona kuti nthawi imeneyi siigwirizana ndi alendo athu, pakuti ambiri amabwera mu Julayi ku mpikisano wothamanga pa phiri wa Porters Race ku Likhubula, pamene rozi zimakhala zitangothenedwa kumene kapena zikudikira lumo.

Zofooka za nazaleyi ziliponso, ndipo zina n'zokwiyitsa. Machubu alibe zizindikiro, ndipo maina onse ali m'mutu mwa agogowo, kotero kuti iwo akachokapo mdzukulu uja amangoyerekeza. Ndinagula rozi ziwiri zimene anati ndi zofiira, za pakhonde, ndipo zonse zinatuluka zachikasu. Tsiku lobzala linasinthidwa kawiri popanda kundidziwitsa, ndipo foni imakhala yozima nthawi zambiri. Dothi la m'machubu ena ndi lamakande, lolemera, limene limauma ngati njerwa, choncho wogula mbande kuti akabzale yekha ayenera kuliphwanya mosamala m'mbali asanaike m'dzenje. Mtengo wake ndi wabwino: mbande imodzi inali yotsika mtengo kuposa paketi ya shuga, ndipo ntchito yonse yobzala ndi kuyendera sinafike pa mtengo wa thumba limodzi la feteleza.

Chimene sindinagwirizane nacho n'komwe chili pakona ya nazale, pafupi ndi chitsime. Pali bafa lakale lodzaza madzi mmene akusungamo namasupuni, amene amagulitsa kwa anthu a malo ogona alendo kuti akaike m'timadamu tokongoletsa, ndipo pambali pake pali mzere wa machubu a lantana, chitsamba cha maluwa chimene nacho chimafalikira n'kulanda malo a zomera zina. Duwa la namasupuni ndi lokongoladi, lofiirira motuwa, ndipo kukongola komweko ndi kumene kunalichotsa kwawo ku South America. Nkhani imene imakambidwa kawirikawiri ndi yakuti ku United States linafalikira kudzera pa chionetsero china cha mayiko, cha ku New Orleans mu 1884, kumene alendo ankapatsidwa mbewuyi ngati mphatso n'kukaiika m'madamu a kwawo, ndipo pasanathe zaka zambiri inali itatseka mitsinje ya ku Louisiana ndi Florida. Chomera china chotchedwa kudzu, chimene lero chimakuta nkhalango za kummwera kwa dzikolo, chinaonetsedwa pa chionetsero cha ku Philadelphia mu 1876. Njira imene inafalitsa rozi ku Portland, ya kupatsana mbewu dzanja ndi dzanja chifukwa yakongola, ndi yomweyo imene inafalitsa zimenezi. Ife sitifunika kuuzidwa ndi a kunja za namasupuni, pakuti tamuona mu Shire akusowetsa mtendere asodzi ndi kutseka makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani, ndipo pa phiri lathu lomweli paini wochokera ku Mexico, amene anabzalidwa ndi cholinga chabwino, anafalikira mpaka kulanda malo a mkungudza. Chitsime cha nazaleyi chili pafupi ndi kamtsinje, ndipo mvula ya kuno ikakwiya bafa silichedwa kusefukira. Ndinawauza agogowo zimenezi mwaulemu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kuyankha kuti iwo saona vuto malinga ngati bafa lili pamalo okwera, ndiponso kuti ogula amalipira bwino. Ulendo wanga womaliza bafalo linali lidakalipo, ngakhale kuti analisunthira kutali pang'ono ndi chitsime.

Pa nkhani ya mkungudza womwewo ndiyenera kuwachitira chilungamo. Nditawapempha kuti andipezere mbande imodzi yoti ndibzale pabwalo, anakana, ponena kuti mtengowo ndi wa pamwamba pa phiri pozizira ndipo pansi pano ungangonditayitsa ndalama. M'malo mwake anandipatsa mbawa, n'kundichenjeza kuti ndiubzale kutali ndi maziko a nyumba.

Amene akufuna kubzalitsa mpanda wa Karolina apite mu Ogasiti kapena Seputembala kukalembetsa, chifukwa nthambi zimazikidwa pambuyo pa kuthenera ndipo mbande zabwino zimatha mvula isanayambe. Ndi bwino kupita m'mawa, agogowo asanapite koyendera minda ya anthu, ndi kutenga cholembera kuti dzina la mbewu iliyonse lilembedwe pachubu iwo ali pomwepo. Pa nthambi zimene anagawa tsiku lija, za amayi a kumtunda kwa nyumba yanga zinagwira 7 mwa 12, ndipo azibzala kale kunja kwa mpanda wawo, molunjika ndi zanga. Za amayi a kumunsi zinauma zonse chifukwa anapita kumaliro ku Phalombe n'kukhalako masabata awiri, ndipo andipempha kale kuti ndiwasungire zina mu Julayi.